WAMISALA ADAONA NKHONDO: MBIRI YA KATCHULIDWE KA MATENDA A MAGANIZO M'DZIKO MUNO

Palibe mmodzi mwa ife amene adadutsa pa sukulu yathu osamvako mawu akuti "maphunziro amuzunguza mutu." Mawuwa ankanenedwa pamene mnyamata wanzeru, uja ankakhala nambala wani teremu ndi teremu, wayamba kuyankhula yekha kapena kukana kutuluka m'nyumba. Ena ankati wawerengetsa, ena ankati amulodza chifukwa cha nzeru zakezo, ndipo anthabwala ankangoti, "Ameneyu ngwa ku Zomba." Abale athu a tsidya ilo la malire, ku Chipata ndi ku Lundazi, amati "ngwa ku Chainama," kunena chipatala chija cha ku Lusaka chomwe chidatsegulidwa mu 1962. Koma maganizo akuti sukulu imapengetsa munthu wakuda sadali a m'midzi mwathu mokha ayi. Adalembedwanso m'mabuku a madokotala a nthawi ya atsamunda, ndipo kumeneko adali ndi ntchito yake. Ndafuna kuti m'kalata yathu ino titsateko mbiri imeneyi, poti anthu amene ankanenedwawo ndife tomwe, ana a sukulu.

Makolo athu ankawadziwa matendawa ndipo ankawasiyanitsa. Padali misala, padali khunyu, padali kuzerezeka, padali kugwidwa ndi mizimu, padalinso kusweka mtima kwa munthu woferedwa. Tisawakometse mopitirira muyeso makolowo: wodwala wolusa ankamangidwa ndi zingwe kapena kutsekeredwa, ndipo ana ankamugenda monga achitira lero. Komabe makolo omwewo ndiwo adatisiyira mwambi woti wamisala adaona nkhondo. Uja aliyense ankamuseka ndiye adayamba kuona adani akubwera, ndipo mudzi udaonongeka chifukwa chosamumvera. Anthu opeka mwambi wotere ankavomereza kuti m'mawu a munthu wodwala mutu mukhoza kukhala choonadi chimene olongosoka sakuchiona.

Boma la atsamunda lidatsegula malo osungirako amisala ku Zomba m'chaka cha 1910. Mfundo yofunika kuigwiritsa apa ndi yakuti malowo sadali chipatala. Adali mbali imodzi ya ndende yaikulu ya Zomba, ndipo owayang'anira adali asilikali a ndende, osati anamwino. Zidakhala choncho kwa zaka zoposa 40. Khomo lolowera kumeneko lidali la apolisi ndi bwalo la DC. Munthu wodwala mwakachetechete kumudzi boma lidalibe naye kanthu. Amene ankatengedwa ndi uja watentha nyumba, wavulaza mnzake, kapena wasokosera pa boma ndi m'misewu ya Azungu. Funso silidali lakuti, "Kodi munthuyu akuvutika bwanji?" koma lakuti, "Kodi akuvutitsa ndani?"

Taganizani za munthu wochokera kuno kwathu, pamene boma lathu linkatchedwa Fort Manning, dzina la msilikali William Manning amene adadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland kuchokera mu 1911 mpaka 1913. Kuchokera ku Mkanda kukafika ku Zomba ndi mtunda woposa makilomita 400. Masiku amenewo, galimoto zili zosowa, kutumizidwa kumeneko kudali kusiyana ndi mbumba yonse. Palibe mwinimbumba akanatha kukamuona, ndipo palibe wodziwa mbiri yake akanatha kuuza oyang'anira kuti munthuyu adali wotani asanadwale.

M'ndende yomweyo ya Zomba, dokotala wina dzina lake Hugh Stannus adapeza akaidi ambiri akudwala pellagra, ndipo adalemba za nthendayi mu 1912. Lero tikudziwa kuti pellagra imabwera chifukwa chosowa vitamini yotchedwa niacin m'thupi, munthu akamadya chakudya chamtundu umodzimodzi chopanda ndiwo zokwanira. Imayamba ndi kusupuka khungu m'malo owombedwa ndi dzuwa, kenaka kutsegula m'mimba, ndipo ikakula imasokoneza mutu. Ndiye kuti mkati mwa mpanda womwewo wosungiramo amisala mudali nthenda yotha kupengetsa munthu, yochokera m'mbale ya chakudya chimene boma lomwelo linkapereka. Nkhani ya pellagra tiikumbukire, tikumana nayonso kutsogoloku.

Tsono tifike pa chenicheni. M'zaka za m'ma 1930 madokotala awiri a boma, Shelley ndi Watson, adapima anthu osungidwa ku Zomba, ndipo zimene adapeza zidasindikizidwa mu 1936 m'magazini ya ku Britain yotchedwa Journal of Mental Science. Adalemba zimene odwalawo ankakhulupirira m'misala yao, ndipo adaona kuti ambiri ankadziyesa anthu olemera, aulamuliro, okhala ndi zinthu zimene nthawiyo zidali za Azungu okha. Madokotalawo adazitcha zimenezi zobwebweta zachizungu, ndipo adaganiza kuti munthu wakuda amene wayandikana kwambiri ndi moyo wa Azungu, makamaka kudzera m'sukulu za mishoni, ndiye sachedwa kusokonezeka mutu. Katswiri wa mbiri yakale Megan Vaughan, amene adaphunzitsapo ku Chancellor College, adafukula nkhaniyi m'zolemba zake za mu 1983 zotchedwa Idioms of Madness, ndiponso m'buku lake la mu 1991, Curing Their Ills. Iye adasonyeza kuti zolemba za madokotalawo zikutiuza zambiri za mantha ndi maganizo a atsamunda eni ake, osati za odwala okha.

Owerenga anzanga, tiyeni tiione Nyasaland ya zaka zimenezo. Padali msonkho wa nyumba wofuna ndalama, pamene ndalama m'mudzi mudalibe. Kum'mwera kudali thangata m'minda ya Azungu. Amuna ankayenda pansi kupita ku Halale ndi ku Joni, ndipo komiti ya boma yofufuza za anthu opita kunja kukagwira ntchito, yomwe idakhala mu 1935, idapeza kuti mwa amuna anayi aliwonse, woposa mmodzi adali kunja kwa dziko. Ambiri adasanduka matchona, akazi ao n'kukalamba akudikira. Nanga wophunzira uja? Ankalemba makalata a DC, ankamasulira milandu, mwina ankadziwa malamulo kuposa bwana wake wongofika kumene kuchokera ku England, koma ankadziwanso kuti ngakhale atamera imvi pantchito, pampando uja sadzakhalapo.

Munthu akadwala malungo aakulu n'kuyamba kubwebweta, amabwebweta m'chinenero chake ndiponso za zinthu za m'dziko limene akukhala. Chimodzimodzi ndi wodwala misala. Ngati kalaliki wodwala ankanena kuti ndi mwini chuma ndi ulamuliro, nthenda idalipo ndithu, sindikukana, koma zobwebwetazo zidali zinthu zomwe ankaziona tsiku ndi tsiku n'kumamanidwa. Madokotala aja adamva kuti munthuyu wadya chitukuko chomupitirira msinkhu. Akanatha kumvanso kuti munthuyu wamanidwa chitukuko. Kumva koyambako kunkakomera boma, chifukwa mankhwala ake adali osavuta: musawaphunzitse kwambiri anthu akuda, asiyeni kumudzi pansi pa mafumu ao. Kumva kwachiwiri kukanafuna kuti boma lisinthe malipiro, msonkho ndi malamulo.

Sizidali za kuno kokha. Ku Kenya, pa chipatala cha Mathari mu mzinda wa Nairobi, Dr H. L. Gordon ankaphunzitsa zofananazo m'zaka zomwezo. Dr J. C. Carothers, amene adayendetsa chipatalachi pambuyo pake, adalemba buku lotchedwa The African Mind in Health and Disease, lomwe lidasindikizidwa mu 1953 ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO. Chaka chotsatira boma la Kenya lidamupempha kuti afotokoze za nkhondo ya Mau Mau, ndipo iye adaifotokoza ngati vuto la m'maganizo a Akikuyu olephera kuzolowera moyo watsopano. Anthu ankalira malo ao olandidwa, dokotala n'kuwapeza ndi nthenda. Ku South Africa, mneneri wamkazi wa Chixhosa, Nontetha Nkwenkwe, amene maulaliki ake ankasonkhanitsa anthu ambiri akuda, adatsekeredwa ngati wamisala mu 1922, ndipo adafera m'chipatala cha Weskoppies ku Pretoria mu 1935. Mafupa ake adabwezedwa kwao mu 1998.

Pali chiphunzitso china cha Carothers ndi anzake chimene chidationonga mwakachetechete, ndipo mwina ndicho chidakhalitsa kuposa zonse. Iwo ankati munthu wakuda sadwaladwala nthenda ya kukhumudwa, ija yofoola munthu mpaka kusowa chilakolako cha moyo. Ankadziwa bwanji? Ankawerenga anthu a m'malo osungira amisala, n'kupeza kuti okhumudwa ndi ochepa. Koma taona kale kuti obwera nao kumeneko adali apolisi, ndipo wapolisi sagwira mayi amene wangokhala duu pakhonde, osadya, osasamba, osayankhula. Adavuulira nsomba pa dziwe limodzi n'kulengeza kuti m'nyanja monse mulibe chambo. Zotsatira zake n'zakuti kwa zaka zambiri chithandizo chidakonzedwera olusa okha, ndipo ovutika mwakachetechete sadawerengedwe konse.

Oyamba kutsutsa zimenezi mwamphamvu adali madokotala akuda. Ku Nigeria, Dr Thomas Adeoye Lambo adayambitsa mu 1954 njira yatsopano pa Aro, pafupi ndi Abeokuta. Odwala ankagona m'midzi yozungulira chipatala pamodzi ndi mbale wao mmodzi, n'kumalandira mankhwala masana, ndipo Lambo ankagwira ntchito ndi asing'anga ena amene adawasankha. Ku Algeria, Dr Frantz Fanon wa ku Martinique adayamba ntchito pa chipatala cha Blida mu 1953, ndipo nkhondo itabuka ankalandira ozunzidwa pamodzi ndi apolisi owazunzawo. Adatula pansi udindo mu 1956 poona kuti n'kosatheka kuchiza munthu kenaka n'kumubweza m'dziko lomwe lakonzedwa kuti limuchotse umunthu. M'buku lake la mu 1961, The Wretched of the Earth, muli mutu wathunthu wofotokoza za odwala amenewa.

Kuno kwathu zinthu zinkasintha pang'onopang'ono. Mu 1948 kudabwera lamulo la Mental Treatment Act. Mu 1951 udindo wosamalira odwala udachoka m'manja mwa andende kupita ku dipatimenti ya zaumoyo, ndipo mu 1953 chipatala cha Zomba Mental chidatsegulidwa. Zaka zomwezo ku France kudapezeka mankhwala a chlorpromazine, amene adathandiza odwala ambiri kukhazikika mpaka kubwerera kwao. Tidalandira ufulu mu 1964, koma lamulo la 1948 lidatsala momwemo. Lamulo la milandu lomwe tidatengera kwa atsamunda linkatinso munthu woyesa kudzipha ndi wolakwa, woyenera kukaonekera kukhoti. Ndipo m'nthawi ya chipani chimodzi padali vuto lina limene achikulire athu akulikumbukira: munthu sakanatha kuuza ngakhale dokotala kuti chomusowetsa tulo n'chakuti mchimwene wake adatengedwa usiku ndipo sakudziwika komwe ali. Ankangoti mutu ukuwawa, n'kulandira aspirin.

Dzina lina loyenera kulidziwa ndi la Paulo Freire, mphunzitsi wa ku Brazil, ngakhale sadali dokotala. Mu 1963 iye ndi anzake adaphunzitsa anthu pafupifupi 300 a ku Angicos kulemba ndi kuwerenga m'masiku 45, pogwiritsa ntchito mawu a moyo wao weniweni, ndi kukambirana chifukwa chake zinthuzo zili momwe zililimo. Asilikali atalanda boma mu 1964 adamutsekera. Njira yakeyo adaitcha conscientização m'Chipwitikizi. Ife tingati kutseguka maso: munthu kuzindikira kuti mavuto ena amene ankawayesa tsoka lake kapena kupusa kwake adachita kukonzedwa ndi anthu, ndipo anthu akhoza kuwasintha. Maganizo amenewa adalowa m'ntchito yopereka uphungu m'maiko ambiri. Wopereka uphungu amafunsidwa kuti adziyang'ane yekha kaye: kodi ndikumuona bwanji munthu uyu chifukwa cha umphawi wake, mtundu wake, kapena poti ndi mkazi? Kenaka afunse mafunso awiri osati limodzi: chavuta n'chiyani mwa munthuyu, ndiponso chamuchitikira n'chiyani?

Tisapite kutali, titenge chitsanzo cha m'maesiteti a fodya amene tidakulira pakati pao kuno ku Mchinji. Tenanti ankabwera ndi banja lake kuchokera kutali, mwina ku Mulanje kapena ku Phalombe. Chaka chonse ankatenga chimanga, feteleza ndi mchere pa ngongole kwa mwini esiteti, yemwenso ndiye ankaika mtengo wa fodya pogula. Pothera pa zonse, atachotsa ngongole, ena ankatsala opanda ngakhale ya basi yobwererera kwao. Munthu wotere akafika kuchipatala akudandaula kuti sagona, mtima ukuthamanga, thupi lonse likuphwanya, funso loyamba lipeza nthenda ya nkhawa kapena ya kukhumudwa, ndipo dzinalo ndi loona. Koma tikalekera pomwepo, m'buku la chipatala mulembedwa kuti vuto lili m'mutu mwa tenanti, pamene kabuku ka ngongole kali phee m'thumba la bwana. Nyumba ya Malamulo idathetsa mchitidwe wa utenanti mu 2021 posintha lamulo la ntchito. Ine ndimaliwerenga lamulo limenelo ngati limodzi mwa malamulo a zaumoyo, ngakhale lidachokera ku unduna wina.

Pellagra ija idabweranso m'masiku athu omwe. Mu 1990 anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique oposa 18,000 adadwala nthendayi m'misasa ya kum'mwera kwa dziko lino, pamene mtedza udasiya kupezeka pa chakudya chimene ankagawiridwa. Chithandizo chake chidali mavitamini ndi kukonza chakudyacho. Ife a ku Mchinji, amene mtedza timauyanika pabwalo ngati chinthu wamba, tiyenera kuimva bwino nkhani imeneyi. Si pellagra yokha. Malungo a muubongo, chindoko chokhalitsa, HIV, ndi kaodzera wofala ndi kashembe kufupi ndi nkhalango za Kasungu ndi chigwa cha Luangwa, zonsezi zikhoza kuoneka ngati misala. Wofulumira kutchula dzina osapima thupi ndi kufunsa mbiri akhoza kutumiza ku Zomba munthu wofunika mankhwala ena.

Apa ndichenjezeko, chifukwa ophunzira timakonda kutengeka ndi mfundo ikatikomera. Pali ena amene akawerenga Fanon amayamba kunena kuti matenda a maganizo kulibe, zonse ndi umphawi ndi utsamunda. Amenewa akulakwa mofanana ndi aja amati zonse ndi ufiti kapena chamba. Nthenda ya schizophrenia ilipo m'maiko olemera ndi osauka omwe, khunyu liripo, ndipo mankhwala ake amagwira ntchito. Wodwala akasiya kumwa mankhwala chifukwa m'bale wake wa digiri wamuuza kuti ndi zachizungu, amene avutike ndi mayi ake okalamba kumudzi, osati wa digiriyo. Funso lachiwiri lija silichotsa loyamba. Chimene mbiriyi ikutsutsa ndi dzina loperekedwa mothamanga ndi munthu wamphamvu kwa munthu wopanda mawu. Lero dzina lotere kawirikawiri ndi lakuti "wachamba." Mnyamata akangosintha khalidwe, mlandu watha, ngwachamba, ndipo palibenso wofunsa ngati adayamba kusuta asanadwale kapena chifukwa chodwala, kapenanso ngati amasuta n'komwe.

Zaka zapitazi zabweretsa zosintha zingapo. Abale a St John of God adayamba ntchito yao ku Mzuzu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, n'kudzatsegulanso sukulu yophunzitsa ogwira ntchito imeneyi, ndipo pambuyo pake adafika ku Lilongwe. Odwala ndi owasamalira adakhazikitsa bungwe lao la MEHUCA kuti azidziyankhulira okha. Dr Chiwoza Bandawe adalemba buku lofotokoza uphungu wochokera pa umunthu wathu. Akatswiri adamasulira ndi kuyesa m'Chichewa mafunso opimira nkhawa ndi kukhumudwa, kuti mayi wa kumudzi asamafunsidwe m'mawu ongotembenuzidwa kuchokera ku Chingerezi amene iye sawagwiritsa ntchito. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika atakhala pa benchi kunja kwa chipatala, poyambira pa mawu a Chishona akuti kufungisisa, amene ndi ofanana ndi athu akuti kuganiza kwambiri. Kafukufuku wosindikizidwa mu 2016 adasonyeza kuti njirayi imathandizadi, ndipo yayesedwanso kuno ku Malawi. Dziko lathu lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2009, ndipo mu 2025 Nyumba ya Malamulo idavomereza bilu yatsopano yolowa m'malo mwa lamulo lija la 1948, patatha zaka 77.

Koma lamulo silifupikitsa msewu. Kuchokera ku Mkanda, Zomba akadali kutali monga adalili m'masiku a Fort Manning, ndipo banja lambiri limayamba lagulitsa mbuzi, lapita kwa sing'anga ndi kumapemphero, lisanafike kwa namwino wa matendawa pa chipatala cha boma. Malo oyamba kumene mwana amapatsidwa dzina si chipatala n'komwe. Ndi m'kalasi ndi mu ofesi ya ahedi. Kumeneko ndiko mtsikana wogona m'kalasi amatchedwa waulesi popanda womufunsa kuti usiku amagona kuti ndipo kunyumba kukuchitika zotani. Kumeneko ndiko mnyamata wosiya kuyankhula amatchedwa wamwano, n'kupatsidwa dzenje loti akumbe, kenaka kalata yomuchotsa sukulu.

Chaka ndi chaka bungwe lathu limasonkha ndalama, ndipo kawirikawiri zimapita ku penti, madesiki ndi mphoto za ochita bwino pa mayeso a MSCE. Zonsezo n'zabwino. Pempho langa kwa a komiti ndi lakuti pa msonkhano waukulu ukubwerawu tikambirane zopatula gawo lina la ndalamazo kuti aphunzitsi awiri, wamwamuna ndi wamkazi, akaphunzire za uphungu, ndiponso kuti tipemphe akuluakulu a sukulu kuti mwana asamachotsedwe chifukwa cha kusintha kwa khalidwe asanaonane ndi mmodzi wa aphunzitsi amenewa ndi wachipatala. Pakati pathu pali anamwino, madokotala ndi ogwira ntchito ku ofesi ya zosamalira anthu. Ndikupempha kuti amenewa abwere ndi mitengo ya maphunzirowo ndi maina a malo ophunzitsirako, kuti tikakhala pansi tidzakambe ndi manambala m'manja.